Maloboti Ali Kuti?

Panali mtsikana wina wamng'ono. Kunyumba ankamutcha Ndikudziwa. Ukamuuza kanthu, ankati akudziwa. Ukamufunsa kanthu, ankatinso akudziwa.

Ndikudziwa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona Amayi. Amayi anali m'chipatala cha mumzinda. Kumeneko kunabadwa mwana wawo wamwamuna. Panali patapita masiku asanu. Ndikudziwa anawasowa kwambiri Amayi.

Tsiku lina m'mawa, iye ndi Abambo anakwera basi. Mumzindamo anali asanapondemo. Onse awiri anali alendo.

Basi inafika masana. Kunali anthu ambiri. Kunali magalimoto ambiri. Kunali phokoso lambiri. Ndikudziwa anagwira dzanja la Abambo zolimba.

Abambo anatulutsa kapepala m'thumba. Azakhali ndiwo analembapo njira. Koma magalasi a Abambo anatsala kunyumba. Ndiye Ndikudziwa anawerenga mokweza.

"Muyende molunjika. Mukafika pa maloboti, mukhotere kumanja. Geti la chipatala amatseka 2 koloko."

Abambo anakanda mutu. Anafunsa kuti maloboti n'chiyani.

"Ndikudziwa," anatero Ndikudziwa. "Ali m'buku lathu la kusukulu. Ndi anthu achitsulo. Mutu wawo uli ngati chitini."

Abambo sanatsutse. Pajatu mwanayo ndi wapasukulu.

Anayamba kuyenda. Anadutsa sitolo ya mabuku. Anadutsa malo ometera tsitsi. Anafika pamphambano. Pamenepo panali nyale zitatu pamtengo wachitsulo. Yofiira, yachikasu, yobiriwira. Ndikudziwa sanaziyang'ane n'komwe. Iye ankafuna munthu wachitsulo.

Anapitirira. Pawindo la sitolo ina panaima chidole chachikulu. Chinavala suti ndi tayi. Ndikudziwa anachiyang'anitsitsa. Mutu wake sunali ngati chitini. Sichinali loboti.

Anabwerera. Anadutsanso pa nyale zija. Anadutsanso malo ometera tsitsi. Anadutsanso sitolo ya mabuku. Loboti sanaoneke.

Anatembenukanso. Miyendo inayamba kuwawa. Abambo ankangoyang'ana wotchi. Nthawi inali kutha.

Ndikudziwa anachita mantha. Geti akatseka, Amayi sawaona. Geti akatseka, mwana samuona. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Pamphambano paja panakhala bambo wosoka nsapato. Anali atawaona akudutsa uku ndi uku. Ndikudziwa anasiya dzanja la Abambo. Anayandikira. Anapereka moni mwaulemu. Mawu ake anatuluka pang'onopang'ono.

"Pepani bambo, ine sindikudziwa njira. Kodi maloboti ali kuti?"

Wosoka nsapato anaika singano pansi. Analoza m'mwamba ndi chala.

"Si awa waima pansi pakewa, mwanawe?"

Ndikudziwa anayang'ana m'mwamba. Yofiira, yachikasu, yobiriwira.

"Koma izi ndi nyale," anatero.

"Eya, ndi nyale. Koma kuno timazitcha maloboti."

Abambo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndikudziwa anachita manyazi. Anabisa nkhope m'malaya a Abambo. Kenako nayenso anaseka.

Wosoka nsapato sanamunyoze. Anati alendo ambiri amasokera pomwepo. Anawauza kuti adikire magalimoto aime kaye. Anawauzanso kuti chipatala chili pafupi. Iwo anathokoza kwambiri.

Anadikira. Magalimoto anaima. Anawoloka msewu. Anakhotera kumanja.

Anayenda mwachangu. Kenako anayamba kuthamanga. Chikwama cha Abambo chinkangoti gwedegwede. Patsogolo anaona nyumba yaikulu yoyera. Anaonanso mlonda atagwira geti.

"Dikirani, a mlonda!" anafuula Ndikudziwa.

Mlonda anawaona. Anawakodola kuti afulumire. Analowa. Geti linatsekeka kumbuyo kwawo. Abambo anapukuta thukuta. Mitima yawo inakhala pansi.

Namwino anawalozera chipinda. Munali mabedi ambiri. Munali amayi ambiri. Munali ana ambiri. Ndikudziwa anayang'ana bedi loyamba. Sanali Amayi. Anayang'ana bedi lachiwiri. Sanalinso Amayi.

Amayi anali pabedi la pafupi ndi windo. Ankangoyang'ana kukhomo. Ankaganiza kuti sabweranso.

Ndikudziwa anathamanga. Anawakumbatira.

"Ndakusowani, Amayi."

"Nanenso ndakusowa, mwanangu. Khala apa, umunyamule mlongo wako."

Ndikudziwa anakhala pabedi. Amayi anamuikira mwana m'manja. Anali wamng'ono. Anali wofunda. Anatsegula diso limodzi. Kenako anagwira chala cha Ndikudziwa.

Abambo anatambasula manja. Nawonso ankafuna kunyamula.

"Dikirani kaye, Abambo," ananong'ona Ndikudziwa. "Sanandisiye chala."