Maina Amene Karimbu Inagwera

Alcides anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga Arlete. Ankalima kachewere wabwino ku Domwe kuno, koma analibe ngakhale ngolo. Akakumba, ankasanja matumba m'mbali mwa msewu n'kumadikira eni makamyawu, magalimoto akuluakulu a katundu. Iwo ndiwo ankatchula mtengo, iye n'kungovomera, chifukwa iwo anali ndi alivara, chikalata chololeza munthu kuchita malonda, pamene iye analibe. Kamyawu ikamachoka ankaiyang'ana mpaka fumbi litatha.

Anayesa kuipeza alivarayo. Miyezi isanu ankapalasa njinga kupita ku Ulongwe. Pepala lina likapezeka, linzake limakhala litatha masiku ake. Anawonda ndi nsanje.

Amene anamuuza za a Victorino ndine, Ambrósio, ndipo ndine ndinamuperekeza. Ndikulemba poyera chifukwa ndakhala nazo nthawi yaitali.

A Victorino anali sing'anga wokhwimitsa anthu, kuseri kwa phiri. Tinafika dzuwa lili paliwombo. M'nyumba mwawo munalibe nsupa kapena zikopa. Munali tebulo loyala nsalu yoyera, iwo atakhala kuseri kwake atavala malaya ositidwa bwino ngati kalaliki.

"Mukufuna mapepala aziyenda," anatero tisanalankhule.

"Eya, madala."

"Aziyenda. Ofesi iliyonse mukalowa, karimbu, chidindo cha boma, idzagwa pa pepala lanu musanakhale n'komwe pampando. Ogula adzakutsatani ngati ntchentche."

"Nanga chizimba chake?" anafunsa Alcides.

"Mzinda uliwonse uli ndi malamulo ake, mwanawe. Anga ndi awiri basi. Chaka chilichonse mukakumba kachewere, mutsegule arimazeni, nyumba yosungira katundu, mumzinda watsopano. Mukalumpha chaka ndidzalowa m'nyumba mwanu n'kusankha ndekha. Lachiwiri: dzina lililonse lolembedwa pa pepala limene karimbu yagwera ndi langa. Lanu lokha sindilifuna. Ng'ombe yokoka ngolo saipha."

"Nanga pepalalo likakhala ndi dzina langa lokha?"

A Victorino anaseka mpaka kutsokomola. "Mukaupeza mzinda wotero, chaka chimenecho mwadya zaulere. Kafufuzeni, dziko ndi lalikulu."

Anamutema mphini zitatu pa chala chogwirira cholembera, tinabwerera kwathu.

Ku Ulongwe pepala linkafuna mboni imodzi. Alcides analemba dzina la amalume ake, amene anali okalamba ndipo ankadwaladwala kale. Alivara inatuluka tsiku lomwelo. Patapita masiku atatu amalumewo anamwalira. Osambitsa maliro anaona chizindikiro chozungulira pachifuwa pawo, chofiirira ngati inki, chosachoka ndi sopo. Anangoyang'anana, n'kufunditsa nsalu.

Chaka chimenecho Alcides anagula kamyawu. Anakhoma malata, Arlete anayamba kupita ku misa ku Fonte Boa pa njinga yamoto. Inenso ndinavala nsapato.

Chaka chachiwiri tinapita ku Tete. Kumeneko sankafuna mboni, ankafuna dzina la woyang'anira arimazeni pamodzi ndi bilyete yake, chiphaso cha unzika. Ine ndinapita kwa Emílio, bambo wa ana anayi amene ankatinyamulira matumba, n'kumuuza kuti tikulembetsa anthu olandira fetereza. Anandipatsa bilyete yake ndi manja awiri, akuthokoza. Lachitatu lake anagwa m'munda khasu lili m'manja. Chizindikiro chinali pakhosi, poonekera, ndipo mudzi wonse unachiona.

Kuyambira pamenepo panalibe wotibwereka pepala. Amayi ankabisa mabilyete a amuna awo m'nkhokwe. Tikadutsa, anthu ankasiya kulankhula.

Chaka chachitatu kachewere atayamba kuuma masamba, Alcides anasiya kudya. Anandiitana kuseri kwa arimazeni.

"Alamu, kwerani shapa, minibasi ija. Mukafunse ku Beira, ku Quelimane, ku Chimoio. Mukapeze kumene amafuna dzina la mwini wake lokha."

"Nanga kukakhala kulibe?"

"Ndiye mudzandibwereka lanu," anatero akuseka, n'kundimenya paphewa. "Si nsapatozi mwavala inu?"

Ndinasekanso. Koma ndinakumbukira kuti chithunzi cha bilyete yanga chinali kale m'chikwama chake.

Ndinayenda milungu iwiri ndikufunsa m'maofesi. Kumene ndinafunsa ku Beira anandiuza kuti woyang'anira abwere yekha adzasaine. Ku Quelimane anati mboni ziwiri. Ku Chimoio mayi wina wa pawindo anandionetsa pepala: panalibe mboni, panalibe woyang'anira. Ndinakondwa. Ndiye ndinatembenuza tsambalo. Kuseri kwake, pansi penipeni, panali kamzere kakang'ono kolembapo dzina la mkazi wa mwini malonda.

"Apa akhoza kusiya osalemba?" ndinafunsa.

"Salemba iye, timalemba ife," anatero mayiyo. "Timakopera pa chikalata cha ukwati."

Ulendo wonse wobwerera ndinkalimbana ndi mtima wanga. Ndinadzinamiza kuti Alcides adzakaona kamzereko n'kukana yekha. Ndinadzinamiza kuti mwina dzina lolembedwa ndi kalaliki silowerengedwa. Nditafika Alcides anandichingamira pamsewu.

"Bwanji alamu?"

"Ku Chimoio," ndinatero. "Dzina lanu lokha."

Anandikumbatira akulira. Arlete anatiphikira nkhuku, osadziwa chimene tikukondwerera.

Ndinapita naye Alcides ku Chimoio. Anapereka mulu wa mapepala pawindo, chikalata cha ukwati chili pakati. Mankhwala aja anagwira ntchito yake monga mwa masiku onse. Dzanja la mayi uja linathamanga, kutembenuza tsamba, kulemba, ndipo Alcides asanakoke n'komwe mpando, karimbu inagwa. Phokoso lake ndimalimvabe. Alcides anawerenga pepalalo tili panja padzuwa. Atafika kuseriko anakhala pansi pa fumbi, pakamwa pali yasa. Kenako anandiyang'ana.

Tinayendetsa kamyawu osaima. Tinampeza Arlete akupeta nyemba pakhonde, ali bwinobwino. Anapinda mkono wa bulauzi n'kundionetsa.

"Achimwene, taonani ichi. Ndachapa ndi sopo, ndi phulusa, sichikuchoka. Kodi n'chipere?"

"N'chipere," ndinatero ine.

Alcides anathamangira kuseri kwa phiri. Anagwada, anapereka makiyi a kamyawu ndi a maarimazeni onse. A Victorino sanawakhudze n'komwe.

"Tengani ine, madala!"

"Ndinakuuzani, lanu sindilifuna. Chimene karimbu yagwera sichifufutika. Inu simudziwa maofesi? Tionana chaka chamawa."

Arlete anamwalira Loweruka m'mawa, mutu wake uli pamiyendo panga, akundipempha kuti ndidzayang'anire ana ake.

Alcides sanabwererenso m'nzeru zake. Kachewere anaolera m'maarimazeni, kamyawu inachita dzimbiri pabwalo. Kwa chaka chathunthu ankayenda wapansi ku Ulongwe atanyamula mapepala otola m'misewu, lililonse atalembapo dzina lake kutsogolo ndi kuseri, n'kumagwira anthu malaya: "Dindani apa bwana, dzinali ndi langa, dindani!" Anamupeza atafa m'ngalande nyengo yokumba itayandikira. Ndinamusambitsa ndine. Thupi lake lonse linali loyera, lopanda chizindikiro.

Ana a Arlete ndikulera ine. Amanditcha malume wabwino, ndipo chaka chilichonse kachewere akayamba kuuma masamba ndimawayang'ana m'khosi ndi m'mikono ngati ndikusewera nawo. Kwa abambo ansembe kutchalitchi ndinaulula, koma anawa sindinawauze.

Inu amene mwatopa ndi kudikira pawindo, dikirani ndithu. Bwererani mawa, bwererani mkuja. Chuma chobwera mothamanga chimadya anthu, ndipo chimayamba ndi akutali n'kumayandikira. Dyera silimuwononga mwini wake yekha. Limasandutsa ngakhale woperekeza kukhala wakupha mlongo wake.