Nsambo Yaikulu ya Besi Yofiira

Mtembo wa mmisiri wokonza magitala unali chagada pafupi ndi tebulo lake logwirira ntchito, mutu utayandikana ndi chopanira chachitsulo chomwe chinali ndi magazi ouma. Amene anaupeza ndi telala wa khomo loyandikana nalo, atabwera m'mawa kudzabwereka nyundo.

A Inspekita anafika 7 koloko itangodutsa. Anali bambo wa imvi, wosapupuluma, wokonda ntchito yake ngati mlimi wokonda dimba. Anaima kaye pakhomo n'kumanunkhiza guluu, penti ndi utuchi. Kukhoma kunali kutapachikidwa magitala osiyanasiyana, ndipo pakati pake panali besi yakale yofiira, penti yake itaperepeseka m'mbali.

"Adokotala akuti anamwalira dzulo chakumadzulo, bwana," anatero a Sajeni, mayi amene ankagwira nawo ntchito. "Palibe chabedwa. Foni ili m'thumba mwawo."

"Wakuba wamanyazi ameneyo," anatero a Inspekita. "Muitane telalayo."

Telala analowa. Anati dzulo masana anamva phokoso: bambo wina wachinyamata, dalaivala wa basi, ankakalipira mmisiriyo kuti amupatse besi yofiirayo, koma mmisiri anakana.

Pofika masana dalaivalayo anali m'chipinda chofunsira mafunso kupolisi, maso ali psuu.

"Munakangana chifukwa chiyani?" a Inspekita anafunsa uku akumuthirira tiyi.

"Gitalayo ndi ya malemu bambo anga. Anaigula asanakwatire n'komwe, ndipo masiku ano zoterezi sazipanganso. Amayi akufuna andipatse pa ukwati wanga. Anaibweretsa kwa mmisiri chifukwa ikalumikizidwa kumagetsi imalira ngati njuchi. Nditapita kukaitenga, mkuluyo anati ndidikire, pali munthu amene akufuna alankhule naye kaye."

"Munthu wake ndani?"

"Sananene. N'chimene chinandipsetsa mtima."

A Sajeni anapita kudepoti ya mabasi n'kubwerako atagwa mphwayi. Dalaivalayo anali pamsewu madzulo onse, ndipo kondakitala ndi anthu ogulitsa matikiti anachitira umboni. A Inspekita sanadandaule. Munthu wosalakwa akamatuluka pakhomo la polisi, iwo mtima unkakhala m'malo.

Anabwereranso kumalo a mmisiri, n'kuvala magolovesi, n'kutsitsa besi ija. A Inspekita ali anyamata ankaimba besi m'bandi ya apolisi, choncho zala zinangopita zokha pansambo. Zitatu zinalira bwinobwino. Yachinayi, yaikulu ija, inalira pansi kuposa mmene besi imachunidwira.

"Mwamva, a Sajeni?"

"Ine ndangomva dii, bwana."

"Nsamboyi sinalobodoke yokha. Wina waitsitsa dala, mwaluso. Mmisiri sachunira kasitomala chonchi."

Anaitembenuza. Kumbuyo, pamene khosi la gitala limalumikizana ndi thunthu lake, panali kachitsulo kafulati komangidwa ndi masikuluwu, ndipo mitu ya masikuluwuwo inali ndi zokandika zatsopano. Anamasula pang'onopang'ono. Kunsi kwa kachitsuloko kunali chidindo cha chala, cha magazi.

"Ndiye kuti pamene mmisiri ankafa, gitalayi inali yomasula," anatero a Sajeni. "Wopha munthuyo ndi amene anaimanganso."

"Kuti tisaone chimene mmisiri anaona. Tayang'anani."

Thabwa la m'kati linali loyera mbee, likununkha ngati lochekedwa chaka chomwechi. Mawaya anali apulasitiki onyezimira, olumikizidwa mwachisawawa. Ngakhale malo operepeseka aja, powayang'anitsitsa, anali ndi timizere ta sandipepa.

"Gitala yakale imakalamba ndi thukuta komanso lamba wa mwini wake," anatero a Inspekita. "Iyi aikalambitsa tsiku limodzi. Si ya malemu ayi."

Mayi ake a dalaivala anawapeza akusita zovala pakhonde. Atamva za imfa ya mmisiri anakhala pansi, nsimbi n'kuiiwala pansalu mpaka a Sajeni anaichotsa.

"Mayi, gitala ija chimwalirireni amuna anu inkakhala kuti?"

"Kwa alamu anga, ang'ono awo a malemu. Anthu amawatchula kuti a Mabingu. Ndi amene anapitiriza bandi. Nditawapempha kuti abweze anazengereza miyezi ingapo, kenako anabweretsa yopukuta bwino, ili m'bokosi lake."

"A Mabinguwo nsambo yaikulu amaichuna bwanji?"

Mayiwo anamwetulira ngakhale anali ndi misozi. "Inunso mumazidziwa? Amaitsitsa. Malemu ankakangana nawo tsiku ndi tsiku, ati ukuilemetsa nyimbo. Iwo ankati besi iyenera kumveka m'mimba, osati m'makutu."

Kwa a Mabingu sanavutike kufunsa njira. Adakali pamsewu anamva besi ikugunda m'nyumba, mawu onona, ozama, oti mawindo ankanjenjemera. A Inspekita anaima pageti mpaka nyimbo inatha, ndipo pokhapo anagogoda.

Anatsegula bambo wamkulu thupi, besi yofiira ili pachifuwa, chala chachikulu chitakulungidwa pulasitala. Ataona a Sajeni ndi yunifolomu yawo, anangovula gitalayo n'kuigoneka pampando mosamala ngati khanda.

M'chipinda chofunsira mafunso a Inspekita anaika kachitsulo kaja patebulo, kali m'kapepala kapulasitiki.

"Achimwene, chidindo ichi tikhoza kuchipimitsa, koma inu ndi ine ndife akuluakulu. Gitala munaimanga bwino. Chimene chinakugwiritsani ndi khutu lanu."

A Mabingu anayang'ana kachitsuloko.

"Ndinaichuna?" anafunsa motsitsa mawu.

"Munaichuna mwanu."

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe, kenako anagwira kumaso. "Sindikukumbuka n'komwe. Manja anangochita okha."

"Yambani poyambira."

"Gitala ija ndakalamba nayo, bwana. Akulu anga atamwalira ndi ine ndinkaipukuta, ndi ine ndinkaisinthira nsambo. Mwana uja sadziwa ngakhale poika chala. Akanangoipachika pabalaza ngati kalendala. Ndiye ndinapeza kalipentala wina wakutali, ndinamupatsa zithunzi, anandipangira yofanana nayo. Ndinkati alamu sangasiyanitse. Sindinaganize kuti idzayamba kulira ngati njuchi."

"Mmisiri atatsegula anakuitanani."

"Anali mnzanga. Yeniyeniyo anaikonzapo kambirimbiri, ankaidziwa m'kati ndi kunja. Anati, 'Bweza wekha usanachite manyazi, apo ayi mawa ndikawauza mayiwo.' Ndinamuchonderera, anakana. Ndinafuna kulanda khosi la gitalayo patebulo, iye anagwira, tinalimbana, ndinamukankha. Anagwera pachopanira. Ndinamudzutsa, ndinamuitana, koma anali atapita." Anapuma mozama. "M'malo moitana anthu, ine ndinayamba kumanga gitala. Sikuludiraiva inaterereka n'kundicheka chala."

A Sajeni analemba zonse, a Mabingu anasaina osawerenga. A Inspekita anatsamira kumpando. Mlandu unali utatha dzuwa lisanalowe, wosalakwa anali kwawo akukonzekera ukwati, ndipo mayi aja anali oti alandira chimene chinali chawo. Pa ntchito ngati yawo, tsiku lotere linali labwino, ngakhale kuti munthu wachilungamo anali atagona kumotshale.

Wapolisi atabwera kudzawatenga, a Mabingu anatembenuka ali pakhomo.

"Bwana, inu mukuoneka kuti munagwirapo besi."

"Kalekale."

"Ndiye mukawauze alamu asamaiike padzuwa kapena pafupi ndi khoma lonyowa. Ndipo mwanayo mumuuze apeze womuphunzitsa. Gitala ija ikakhala osaimbidwa imadwala."

"Ndikawauza," anatero a Inspekita. "Ndipo phunziro loyamba ndikamupatsa ndekha."