Mkwatibwi wa Pasikirini

Aliyense wa mumsewu wa Aggrey ku Kariakoo, dera la malonda la mumzinda wathu, ankati banja la Mbaruku ndi Mwajabu ndi lodalitsika, chifukwa mwamuna anali ndi pakamwa, mkazi anali ndi manja, ndipo zinthu ziwirizi sizikonda kupezeka m'nyumba imodzi. Ofesi yawo inali kachipinda pamwamba pa sitolo yanga ya mafoni akaunjika. Kompyuta yawo yoyamba anagula kwa ine. Mbaruku ananenerera mtengo mpaka khofi wanga anazizira, Mwajabu ali pambali akuseka, dzanja lili pakamwa, ngati munthu woonera mpira akudziwa kale wopambana.

Ntchito yawo inali yokonza zotsatsa malonda, zija zimakutulukira pafoni usanaziitane ndi zija zimathwanima pamasikirini a m'masitolo. Mwajabu ndiye ankajambula ndi kusanja: mtundu uwu apa, mawu awa apo, kabatani kodina pamalo pomwe chala chimagwera chokha. Mbaruku ankayenda kusaka makasitomala. Anali ndi ulaliki wake umodzi womwe ife a mumsewu tinauloweza ngati nyimbo ya fuko.

"Bwana, chikwangwani cha pamsewu chimalankhula ndi mbuzi zomwe," ankatero. "Koma chotsatsa cha pafoni sichinama. Chimatsata mtima wa munthu. Mukafufuza nsapato lero, nsapatozo zikulondolani mpaka kuchimbudzi."

Makasitomala ankaseka n'kugula. Akaweruka, awiriwa ankadyera chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, m'mbale imodzi, mwana wawo Nuru ali pakati kutola zokazingika bwino. Ukawaona unkalakalaka kukwatira kachiwiri, ngakhale ife amene tikudziwa mtengo wake.

Koma pamalonda pali lamulo lomwe sindinaliwerenge m'buku lililonse: mawu omwe umagulitsira katundu usawameze iwe mwini. Ine foni iliyonse ndimati inali ya mayi wachikulire wosamala zinthu, koma sindipita nayo kunyumba. Mbaruku anameza ulaliki wake, ndi mbedza yomwe.

Luso silibisika. Kampani ina yaikulu ya ku Mikocheni, mbali ina ya mzinda, inaona ntchito za Mwajabu n'kumuitana, ndipo amene anamukankha ndi mwamuna wake yemweyo. "Pitani, amake Nuru, mukatibere nzeru za akuluakulu." Kumeneko anamuphatikiza ndi Eliakimu, bambo woonda wa ku Moshi, katswiri wolemba mapulogalamu, munthu yemwe ankayamba kuseka asanamalize nthabwala yake.

Ntchito yomwe anapatsidwa inali ya mayi wina wogulitsa zovala zaukwati m'chinyumba chachikulu cha masitolo ku Mikocheni komweko. Mayiyo ankafuna sikirini yotalika ngati chitseko, yoti anthu awiri akaima patsogolo pake, kamera iwajambule, makina aveke mmodzi suti, wina diresi loyera ndi velo, kenako iwaimbire nyimbo yaukwati ya taarabu. Anawalumbiritsa kuti asauze munthu, poti anzake ogulitsa zomwezo anali ndi makutu aatali. M'ntchito imeneyi chotsatsa chomwe sichinatuluke chili ngati mimba ya miyezi yoyamba, sichilengezedwa ngakhale kunyumba, makamaka ngati mwamuna wako pakamwa pake ndiye sitolo yake.

Masiku oyamba Mwajabu anafufuzako zithunzi za masuti ndi madiresi patabuleti ya kunyumba. Ndiye m'mawa wina Mbaruku, akumwa tiyi ndi vitumbua, anatsegula tabuletiyo kuti aone nkhani za mpira. Pambali pa nkhaniyo panatuluka suti. M'munsi mwake panatuluka velo.

"Amake Nuru, akukwatira ndani m'nyumba muno?"

"Mwina inuyo. Ine sindinauzidwe."

"Musandiseke. Taonani suti iyi, ya munthu woonda ngati nsungwi. Mimba yangayi ingalowe umu?"

"Ndi za kuntchito, bambo a Nuru."

"Ntchito yanji?"

"Ndinalumbira kuti sindinena mpaka ituluke. Mwambo wake inu mukuudziwa."

"Ndikuudziwa. Ndikudziwanso kuti makinawa sanama."

"Ndiye afunseni makinawo ngati tiyi wanu ali ndi shuga wokwanira," anatero Mwajabu, n'kutola chikwama chake akuseka.

Kukanakhala kuti anasekera limodzi, nkhaniyi sikanalembedwa. Koma mkazi atangotuluka, Mbaruku anadina sutiyo. Anadinanso velo. Tsiku lotsatira panabwera mphete, nayonso anaidina. Kenako panabwera nyumba yogona alendo ya ku Bagamoyo, yotsatsira ongokwatirana kumene. Imeneyo ndiye anaitsegula chipinda ndi chipinda, kukulitsa chithunzi cha bedi ndi zala ziwiri ngati apezamo tsitsi la mkazi wake. Unakhala mwambo wake wa m'mawa uliwonse, ndipo zotsatsazo zinkangoswana ngati nsikidzi.

Nsanje ili ngati kasitomala amene wabwera atasankha kale. Umuonetse katundu wabwino chotani, maso ake ali pa chowola chomwe chija, ndipo alipira mtengo uliwonse.

Mafuta pamoto anathira ndi Chausiku, mchemwali wake wa Mbaruku, mayi amene sanaonepo chinthu n'kugona nacho. Anafika kuofesi atanyamula nkhani ngati mphika wotentha.

"Achimwene, ine sindikonda zonena anthu."

"Ndiye khalani pansi munene msanga."

"Alamu anga ndawaona m'bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja, ndi mwamuna woonda, mawondo kugundana. Atsikira kusitolo ya zovala zaukwati, koma alowera khomo lakuseri. Munthu wogula amalowera kuseri?"

Wogula salowera kuseri, n'zoona. Amalowera kuseri ndi wantchito. Koma funso limenelo panalibe woliyankha, poti onse awiri yankho anali nalo kale.

Tsiku limenelo Mwajabu atafika kunyumba anapeza tabuleti ili patebulo ngati mboni.

"Woonda uja ndani?"

"Eliakimu, mnzanga wa kuntchito. Munadya naye pilau pa Idi, munamutcha mlamu."

"Ku Bagamoyo mukupita liti?"

"Bagamoyo yanji?"

"Iwe Mwajabu, usandiyese mwana! Ntchito imeneyi ndinakuphunzitsa ndine. Chotsatsa sichibwera kwa munthu amene sanachiitane!"

"Munandiphunzitsa chiyani inu? Kulankhula? Ndakhala nanu m'kachipinda kotentha kaja, ndikujambula mpaka maso kufiira, lero mukundiweruza ndi kachithunzi ka bedi?"

"Lumbira kuti sunakhalepo naye awiriwiri!"

"Ndimakhala naye tsiku lililonse, ndiyo ntchitoyo! Dikirani Loweruka. Mudzaona ndi maso anu, ndipo mudzachita manyazi."

Mwajabu anatenga mtsamiro wake n'kusamukira kuchipinda kwa Nuru. Iye ankanena za tsiku lotsegulira sikirini. Mbaruku anangosunga mawu awiri, Loweruka ndi manyazi, n'kumawabwereza ngati wowerenga mikanda popemphera.

Tsono anthu okonza zinthuzi ali ndi chizolowezi chawo. Makina akafuna kuyesedwa, sapita kukasaka anthu okongola olipidwa, amayesera nkhope zawo zomwe, poti ndizo zili pafupi ndipo n'zaulere. Sikirini ija inkafuna anthu awiri, ndipo m'chipinda choyesera munkakhala anthu awiri. Inawakwatitsa Mwajabu ndi Eliakimu kosawerengeka: nthawi zina velo kugwera kwa Eliakimu, nthawi zina onse awiri masuti, iwo n'kumafa ndi phwete uku akukonza. Chithunzi chimodzi chomwe chinatuluka bwino anachiika kuti chiziyamba chaoneka pasikirini pakakhala palibe woimapo, podikira kuti ojambulidwa enieni abwere. Ojambulidwawo anabwera, zithunzi zawo zinatengedwa. Koma m'chipwirikiti cha tsiku lomaliza, aliyense ankayesa kuti mnzake wasintha.

Loweruka m'mawa nsalu inachotsedwa. Pakhomo la sitolo, pomwe aliyense wokwera masitepe amayang'ana, panaima Mwajabu wamtali ngati chitseko, m'diresi loyera, mutu atautsamiritsa paphewa la mwamuna woonda wa suti, onse akuseka. Pamwamba pawo panalembedwa kuti: Mwayenerana!

Mzinda wonsewu uli ndi anthu osawerengeka, koma woyamba kudutsa pamenepo anali Chausiku. Anajambula n'kutumiza kugulu la pafoni la abale, ndi mawu akuti, "Ife sitinaitanidwe."

Mbaruku anali m'sitolo mwanga akumwa khofi ndi kashata, switi wa kokonati uja, pomwe foni yake inalira. Anayang'ana, nayika kapu pansi mosamala kwambiri, ngati ya galasi la mtengo wapatali. Anandionetsa.

"Mbaruku, ichi n'chotsatsa," ndinatero. "Taona mawuwo pamwamba. Ukwati weniweni umakhala ndi kabatani kodina?"

"Mzee, mzinda wonse ukuona mkazi wanga," anatero, kunditchula monga amatchulira achikulire kuno.

"Muimbire foni kaye. Kufunsa n'kotchipa."

Sanandimve. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto yake, n'kutenga chitsulo chomasulira matayala, n'kuchiika pampando wakutsogolo ngati mnzake wa paulendo.

Kumasitolo kuja Mwajabu anali atachiona kale cholakwikacho. Analowa mkati kukapepesa kwa mwini sitolo, Eliakimu atagwada pambali pa sikirini ndi kompyuta yake pamwendo, akusaka zithunzi zoyenera. Eliakimu atatukula maso anaona Mbaruku, ndipo anachita chomwe ankachita nthawi zonse akapanikizika: anaseka.

"Alamu! Mwaona zomwe tachita? Pepani, ndi ine ndaiwala kusintha. Ndikukonza pompano."

"Ukundiseka?"

"Ayi, alamu, makinawa amakwatitsa aliyense. Dzulo anakwatitsa mlonda ndi mayi wokolopa. Tabwerani muone, imani apa ndi ine."

Anaimirira n'kumugwira dzanja, kumukokera patsogolo pa kamera, akusekabe. Munthu wosalakwa ndi woopsa kwa iye mwini, sadziwa nthawi yothawa. Sikirini inaona anthu awiri. Inayamba kuthwanima. Chitsulo chinakwera, chinatsika, chinatsikanso. Anthu anabalalika akukuwa. Mwajabu atatuluka anapeza Eliakimu ali pansi, magazi akuyenderera pamatailosi oyera kulowera kumasitepe, mwamuna wake ataima chilili, ndipo pamwamba pa onsewo taarabu ikuimba mokoma, monga momwe anaikonzera.

Eliakimu anamwalira asanafike kuchipatala. Anakamuika kwawo ku Moshi.

Kukhoti mboni zinalipo zambiri, koma yomwe inamaliza mlandu ndi sikirini. Makina anali atasunga chithunzi chomaliza, ndipo chinaonetsedwa pamaso pa woweruza. Mbaruku anali m'suti yakuda ya duwa pachifuwa, yomukwana bwino ndithu ndi mimba yake yomwe, dzanja lili m'mwamba ndi chitsulo. Pambali pake Eliakimu anali m'velo, pakamwa pali chiseko. Pamwamba pawo: Mwayenerana! Wina kumbuyo anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa ataona mtsikana wovala zakuda pabenchi yakutsogolo, yemwe Eliakimu anali atamulipirira kale malowolo.

Loya wa Mbaruku anayesetsa. Anati munthuyu anaputidwa, ndipo anatchula za masuti, mphete ndi nyumba ya ku Bagamoyo zomwe zinkadzaza tabuleti ya kunyumba. Mwajabu atafunsidwa za zimenezo sanayang'ane loya. Anayang'ana mwamuna wake.

"Ndinafufuzapo masuti ndi madiresi masiku oyamba okha, kenako ndinkagwirira kuofesi. Bagamoyo sindinaifufuzepo chibadwire. Bambo a Nuru, tabuleti ija ankaitsegula m'mawa uliwonse ndani? Ankadina ndani? Inu nomwe mumauza anthu kuti chomwe wadina chimakulondola."

Mbaruku anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, sipanatuluke kanthu.

Woweruza anati munthu amene wanyamula chitsulo kuchokera ku Kariakoo mpaka ku Mikocheni, kudutsa mindandanda yonse ya magalimoto, anali ndi nthawi yokwanira yoti mtima uzizire. Anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, n'kulamula kuti anyongedwe.

Chingwecho mpaka lero sichinafike, ndipo ena amati kudikirako ndiye chingwe chenicheni. Mwajabu anasiya ntchito, anatenga Nuru n'kubwerera kwa amayi ake ku Tanga. Akuti sakhudzanso kompyuta. Chausiku amauza anthu kuti iye anangotumiza chithunzi basi, ndipo wapeza kale nkhani zina. Kachipinda ka pamwamba paja ndinabwereketsa kwa wokonza mawotchi.

Ndinapitako kundende kukamuona, nditanyamula kashata. Mimba ija inatha, tsopano suti ya munthu woonda ingamukwane. Pakati pathu panali waya. Ndinkayembekeza kuti afunsa za Nuru, kapena za mayi a Eliakimu. Anasendeza nkhope pafupi ndi waya n'kunong'ona.

"Mzee, inu mumadziwa anthu. Pachithunzi chija, momwe anatsamiritsira mutu paphewa pake muja. Munthu woyesa makina chabe angatsamire choncho?"

Ndinamupatsa kashata wake n'kunyamuka. Pali katundu wina amene munthu akagula sabweza, ngakhale umuonetse kuti ndi wowola.

Inu amene muli m'mabanja, foni yanu ikayamba kukuonetsani zomwe mumaopa, musathamangire chitsulo, yambani mwafunsa chala chanu. Ulaliki wa Mbaruku unali woona kuyambira pachiyambi, ndipo ndi wokhawo mwa katundu wake yense amene sananamizepo munthu. Chotsatsa chija chinatsatadi mtima wa munthu, m'mawa ndi m'mawa, mokhulupirika, mpaka kumufikitsa m'chitokosi. Kungoti mtimawo unali wake.