Kaphokoso ndi Ng'oma ya M'mutu

Nkhaniyi anatiuza Lachiwiri ndi bambo ometa tsitsi, uku akusesa.

Mwana wa mlongo wawo amamutchula Kaphokoso. Kaphokoso amaimba ng'oma yaikulu m'bandi ya kusukulu. Koma anali ndi vuto. Ankafulumira.

Pakati pa nyimbo malipenga amakhala chete. Ng'oma nayo imadikira. Woimba amawerenga mpaka eyiti. Kenako ng'oma imalira, du.

Kaphokoso ankamenya pa sikisi. Lolemba, pa sikisi. Lachiwiri, pa sikisi. Aphunzitsi anati akalakwitsanso Lachisanu, ng'oma apatsa wina.

Ng'omayo imagona kusukulu. Nanga ayeserera pa chiyani?

Kaphokoso anapita kwa amalume ake, ometa tsitsi aja. Iwonso amaimba ng'oma m'bandi. Anawapeza akumeta munthu. Phazi lawo linkagunda pansi. Milomo yawo inkagwedera.

"Amalume, mukulankhula ndi ndani?"

"Ndikuyeserera, mphwanga. Ng'oma yanga ili m'mutumu."

Wometedwayo anati bola asaimbire pa mutu wake. Onse anaseka.

Amalume anamukhazika pa benchi. Anati atseke maso. Aone holo ya kusukulu. Aone ndodo m'dzanja lake. Amve malipenga.

Kaphokoso anaona holo. Anaona ndodo. Anamva malipenga. Malipenga atakhala chete, dzanja lake linatsika msanga.

"Ndi m'mutu momwe ukuthamanga," anatero amalume. "Malipenga akasiya, phazi lisasiye. Phazi liziwerenga."

Anayambiranso. Anayambiranso kachitatu. Anayeserera popita kusukulu. Anayeserera potsuka mbale. Palibe anamva kanthu.

Lachisanu linafika. Holo inadzaza. Malipenga analira, kenako anakhala chete.

Phazi la Kaphokoso linkagunda m'nsapato. Faifi. Sikisi. Dzanja linayabwa. Kaphokoso anaugwira mtima. Seveni. Eyiti.

Du.

Malipenga onse analowa pamodzi ndi ng'oma. Aphunzitsi anamuyang'ana, n'kugwedeza mutu. Nyimbo itatha, anati ng'omayo ikhalabe yake.

Amalume anali kumbuyo kwa holo, chipewa m'manja. Akuti iwo anachedwa kuphunzira kudikira. Anaphunzira ali ndi ndevu kale. Mwanayu zinamutengera masiku atatu basi.

Pomaliza bambo ometawo anatiuza zimene anachita.

"Ndinamunyamula paphewa mpaka kwawo. Ndine ndinawauza amayi ake kuti ng'oma ikadali yake. Mwini wake ankangoseka."