Ngaka Imene Otilia Anatola

Linali tsiku lachitatu ngaka ija osalawa kanthu. Otilia anagwada m'kachipinda kosungiramo thonje kuseri kwa nyumba yawo ku Kasisi, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa Okutobala. Anakankhira mbale ya phala la mapira pafupi ndi mphuno ya nyamayo, koma sinanunkhize n'komwe.

Anaitola Lachinayi pochokera kusukulu, pafupi ndi chulu cha m'mbali mwa munda wawo. Itamva mapazi ake inangodzipinda ngati mpira, mamba ake olimba ali kunja, ndipo iye anainyamula mosavuta. Kusukulu Otilia analibe mnzake weniweni. Ankaganiza kuti akaweta nyama yodabwitsayi, atsikana a m'kalasi mwake aziti akaweruka n'kumamutsatira kudzaiona. Choncho anaitsekera osauza munthu. Anaiyesa mtedza, nthochi, mkaka wa mbuzi, ngakhale kansomba kouma. Zonsezo zinangoitana ntchentche.

"Iwe Otilia, ukutani m'menemo?" Anali mayi ake, a Evelesi, akukankha chitseko. Ataona chimene chinali pansi anagwira pakamwa. "Mayo ine! Mwana iwe, ukufuna kutimangitsa? Nyama iyi boma limaletsa kusunga!"

"Ndimangofuna kuisamala, amayi. Koma ikukana kudya."

A Evelesi anaimbira foni mlongo wawo, a Augustino, amene ankagwira ntchito yoteteza nyama zakutchire. Anafika pa njinga yamoto dzuwa lili paliwombo. Nthawi imeneyo ngakayo inali itasiya kudzipinda, ili thasa pansi, ikupuma movutikira.

A Augustino sanakalipe. Ananjuta n'kumuitana Otilia. "Taona m'kamwamu. Mulibe dzino ngakhale limodzi. Ngaka sitafuna. Ili ndi lilime lalitali lomata, limene imapisa m'chulu n'kukoka chiswe ndi nyerere. Zikhadabozi n'zofukulira chulucho."

Otilia anayang'ana zikhadabozo. Ziwiri zinali zothyoka, magazi ataumirapo. Pasimenti pafupi ndi chitseko panali mikwingwirima yokhayokha.

"Nanga bwanji sinathawe pamene ndimaitola, atsibweni?"

"Kudzipinda kuja ndiye kuthawa kwake. Mkango umaluma mambawa, n'kutopa, n'kuchoka. Koma munthu ali ndi manja."

Atsibweniwo anayesa kuidonthezera madzi kukamwa, koma madziwo anangoyenderera pansi. Posakhalitsa kupuma kuja kunaleka.

A Augustino anaitembenuza kuti aikulunge m'thumba, kenaka anaima. Anayang'anitsitsa pachifuwa pake, nkhope itagwa.

"Inali kuyamwitsa," anatero motsitsa mawu. "Tiye ukandionetse pamene unaitola."

Otilia anatsogola akuthamanga, osamva n'komwe kuotcha kwa mchenga kumapazi. Anafunafuna mozungulira chulu chija mpaka atsibweni ake anapeza una pansi pa chitsa cha mtsanya. Anapisamo mkono mpaka m'phewa, n'kutulutsa kamwana kosaposa chikhatho chawo, mamba ake ofewa ngati zikhadabo za khanda. Kanali kamoyo, koma kofookeratu. Otilia atayandikiza dzanja, kanakakamira chala chake n'kuyamba kufunafuna bere.

Apa m'pamene analira mokweza, mapewa akugwedezeka.

"Kachira, eti atsibweni? Ndiuzeni kuti kachira."

"Sindikunamiza, mwanawe. Masiku atatu ndi ambiri. Ndikapereka kwa madokotala a nyama, akayese."

Anakachotsa pachala chake pang'onopang'ono, n'kukafunditsa m'malaya mwawo. Njinga inalira, fumbi n'kukwera m'njira yopita kumsewu waukulu.

Otilia anatsala ataima pachulupo. Patapita nthawi anaona atsikana awiri a m'kalasi mwake akubwera ndi nkhuni pamutu.

"Otilia, tamva kuti kwanu kuli ngaka! Tikaione?"

Iye anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Kulibe," anayankha. "Inali pano, kwawo. Ndinaichotsa ndine."