Fomu ya Webster

Madzulo amenewo Tiza ndi amayi ake anali pakhonde ku Kanyama, akusankha matimati. Ntchito yake ndi ya zala: kutola limodzi, kulifinya pang'ono, lolimba m'bokosi, lofewa m'beseni, lowola kuponyera m'ngalande. Mvula inali itagwa masiku anayi osapuma, moti achule a m'komboni ankakwera minibasi pa siteshoni n'kukatsikira m'tauni kuti akaumeko pang'ono. Bamake Tiza ankasankha osayang'ana, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Tiza manja ake anali pa matimati, koma mutu unali pa mafomu.

Anali m'chaka chomaliza pa yunivesite ya zaulimi, kumene ankaphunzira malonda a zokolola. Kuti amalize anafunika kuchita kafukufuku wa msika. Kampani ina inkafuna kumanga fakitale yoika matimati m'zitini, ndiye lekichara wake, ba Mwewa, anamupatsa mafomu 60, popeza pakamsika ka kwawo matebulo a matimati analipo 60, lililonse ndi nambala yake yopenta. Fomu inkafunsa zinthu zochepa: dzina, nambala ya tebulo, mabokosi angati pa sabata, amawola angati.

Anthu 55 anayankha bwinobwino. Anayi anakana. Wina anati bolopeni ya ana a sukulu ikadutsa, kumbuyo kwake kumabwera a khonsolo. Wina anangoti dzina lake si la aliyense. Wachisanu anali mayi ake enieni, a pa tebulo 14, ndipo lamulo la kafukufuku limati wachibale safunsidwa, amakomera mwana wake mayankho. Mafomu ankafunika Lachisanu, onse 60. Tsono ba Mwewa anali munthu woti fomu yosadzaza amainunkhiza ili m'chikwama chotseka, mwini wake akadali pa geti.

M'mawa mwake cheyamani wa msika, ba Nsofwa, anamupeza Tiza atakhala pa bokosi, akuluma bolopeni. Anali kamdala kafupi, ka magambutsu onyezimira ngakhale m'matope ofika m'mawondo. Ankati ali ndi famu kumadzulo kwa mzinda, koma panalibe amene anaionapo, kapena kumva wina akuti ine ndimagwira ntchito kumeneko. Atamva vuto lake anaseka pang'ono n'kunena kuti asanu okha si nkhani. Anatchula maina osaganiza n'komwe, ngati bambo akuitana ana ake kudzadya: Rodgers, Chiti, Mwango, Ricky, Webster.

"Nanga manambala ya matebulo, ba cheya?"

"Ivo uziba iwe, mwana wa sukulu."

Tiza anaika manambala a anthu okana aja: 9, 22, 37, 50. Webster anamupatsa 14, popeza ndi tebulo lokhalo limene linatsala. Mayankho anapeka yekha. Pa mabokosi analemba khumi kwa onse. Pa owola ulesi unamugwira, anangozungulitsa ziro kasanu. Lachisanu anapereka mafomu, ba Mwewa anawalowetsa m'kompyuta, ndipo iye anabwera kunyumba n'kugona ngati thumba la simenti.

Lolemba lotsatira bana Chola, mayi a pa tebulo 9, anayamba kudandaula kuti zala zachita dzanzi. Lachiwiri anaponda msomali wa bokosi n'kuyenda nawo tsiku lonse, mpaka mnzawo anawauza kuti akusiya magazi m'njira. Anayang'ana phazi lija ngati la munthu wina. Lachitatu masana anamwalira ali chikhalire pa tebulo pawo, maso ali pamsewu, ndipo anthu anapitiriza kutola matimati kwa ola lathunthu akuganiza kuti mayiwo angokwiya.

Ena anati kolera. Ena anati BP. Ku kiliniki sanapeze chilichonse.

Tsiku lotsatira maliro, msika ukutsegulidwa, pa tebulo 9 panali patakhala mwamuna. Achibale a malemu anali asanabwere n'kudzatenga masaka awo. Mwamunayo sanapereke moni kwa aliyense. Ankaunjika matimati anayianayi, pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Ankanunkha dothi, osati la pamwamba limene mvula imanyowetsa, koma lija lozizira la pansi pa dzenje. Ntchentche za pamsikawo, zimene siziopa ngakhale moto, zinkafika pa tebulo 8 n'kukhota, n'kukatera pa 10. Amayi atafunsa, ba Nsofwa anati munthuyo ndi wolembedwa, ali m'mapepala, dzina lake ndi Rodgers.

Tiza anamva dzinalo akumanga mpango. Anamaliza kumanga. Anadziuza kuti a Rodgers mu Lusaka ndi ambiri, ukaponya mwala pa siteshoni ugenda awiri.

Sabata yachiwiri linali tebulo 22. Dzanzi m'zala, dzanzi m'miyendo, tsiku lachitatu maliro, ndipo pamalopo panakhala mkazi wowonda wotchedwa Chiti. Sabata yachitatu 37, panakhala Mwango. Onse fungo limodzimodzi, kuunjika kumodzimodzi. Ndipo matimati awo sankawola. Mayi wina wa ku Chawama anaiwala limodzi pawindo mwezi wathunthu, analipeza likadali kunyezimira. Lina linagwera pamsewu, minibasi inaliponda, tayala ndi limene linaphulika. Ophika nawo ankati supu yake imafiira bwino, koma ukadya umaiwala ngati wadya.

Mphekesera zinayenda. Ena anati ndi madzi a m'chitsime, ena anati ndi amayi ogulitsa kapenta, nsanje. Abusa atatu anabwera ndi mafuta odzozera, anathira pa matebulo mpaka mabokosi ankaterereka, koma alendo aja sanaphethire. Kenako anthu anangotopa. Amayi anasiya kuchapa zitenge za kumaliro, ankangozikoloweka kuseri kwa chitseko. Kulira kunafupika. Munthu ankatsina chala chake m'mawa, akamva kuwawa n'kupita kumsika.

Tiza anatenga makope a mafomu asanu aja n'kuwaponya pa mbaula. Anapsa ngati pepala lina lililonse. Sabata yomweyo, yachinayi, bambo wa pa tebulo 50 anaikidwa m'manda, ndipo Ricky anakhala pamalo pake.

Masana ena Tiza anakaima pamaso pa Ricky. Anamupatsa moni, sanayankhe. Anamufunsa kwawo, sanayankhe. Ndiye anafunsa monga mwa fomu, mawu ake enieni.

"Mabokosi angati pa sabata?"

"Khumi."

"Amawola angati?"

"Ziro."

Mawuwo ankatuluka ngati munthu akulankhulira m'mgolo. Milomo inkayenda mochedwa, mawu atapita kale.

Anapita ku kaofesi ka ba Nsofwa n'kuwapeza akupukuta magambutsu. Mdalayo sanabise kanthu. Anafotokoza modekha, ngati akukamba za feteleza, kuti ali ndi anthu ake amene amugwirira ntchito ku famu zaka zambiri chiikidwire m'manda, ndipo anthuwo anatopa kuima kuseri kwa nyumba. Munthu wotero sangakhale pagulu masana popanda pepala lomunena kuti alipo, ndipo malo ake ndi akuti. Buku la msika silikwanira, popeza amalilemba iwo eni. Pankafunika dzanja la mlendo, ndi chidindo cholemera ngati cha yunivesite.

"Ba cheya, tebulo 14 ni ya bamai banga."

"Nanga ine ninakuuza 14? Ine ninapasa chabe maina. Matebulo unagaba weka."

Tiza anafunsa ngati angamubweze Webster ku famu. Iwo anati munthu ukamuitana ndi dzina, wamulonjeza mpando, sabwerera wopanda mpando. Anapitiriza kupukuta.

Lolemba madzulo, posankha matimati, bamake Tiza anaika lowola m'bokosi la olimba. Anaikanso lina. Madzi ake ankayenderera m'zala mpaka pachigongono, iwo osadziwa. Tiza atawauza, anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kenako anati mwina ndi kuzizira. Anamuuzanso pamene pali chitenge chawo chatsopano, chija sanavalepo, ndi kuti mng'ono wawo wa ku Matero asadzapatsidwe mapoto. Ananena zimenezi ndi mawu omwe amatumira munthu mchere.

Lachiwiri m'mawa kumbuyo kwa tebulo 14 kunali kutaima mwamuna wamtali, bokosi lili pamutu. Sankakankha munthu, sankalankhula. Ankangodikira, monga mmene munthu amadikirira kuti wina atsike mu basi. Amayi a matebulo oyandikana anasuntha mipando yawo pang'ono n'kupitiriza kugulitsa.

Tiza anakwera minibasi ziwiri mpaka ku yunivesite. Anawauza ba Mwewa zonse: kuti mafomu asanu ndi abodza, anawalemba yekha atakhala pa bokosi, amuchotse sukulu ngati akufuna, bola afafanize fomu ya Webster. Ba Mwewa anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati Loweruka lapitalo anapita okha kumsikako kukatsimikiza, monga amachitira ndi ophunzira onse. Rodgers anamupeza, Chiti anamupeza, Mwango ndi Ricky anawapeza, aliyense pa nambala yake, ndipo anayankha ndendende zimene zili pa fomu. Anayiwo anawakwanira, Webster sanamufunefune. Pa zaka zonse zimene aphunzitsa sanaonepo kafukufuku woyera chonchi. A kampani nawonso anasangalala kwambiri ndi matimati osawola aja, akufuna kudziwa mbewu yake. Anati kutopa kumachita zimenezi kwa ana a chaka chomaliza, akagone.

"Ba lekichara, fafanizani chabe imodzi."

"Lipoti inapita kale, kudala, na 60. Sitichosamo munthu."

Kenako Tiza anati pa fomu ya Webster analakwitsa nambala ya tebulo. Ba Mwewa anati zimenezo ndiye zimachitika, ndipo n'zololedwa kukonza. Anamutembenuzira kompyuta n'kupita kukafuna tiyi.

Analemba 200. Kompyuta inakana, inati nambala imeneyo palibe pa mapu a msika. Analemba ziro, inakana. Anasiya popanda kanthu, inakana. Analemba 9, kuti Webster akakhale ndi mnzake Rodgers, inati tebulo limenelo lili kale ndi mwini. Anaganiza za ba Nsofwa, koma iwo analibe tebulo. Anatsegula mapu aja kuti aone ngati pali kampata kena, ndipo anapeza kuti ba Mwewa, ndi kusamala kwawo kuja, anali atawonjezerapo kabokosi kamodzi kumapeto kwa mzere Loweruka lomwe lija. Nambala 61.

Tebulo limenelo analidziwa. Linakhomedwa masabata awiri apitawo ndi matabwa a mabokosi akale. Mwini wake anali Inonge, mtsikana wochokera ku Misisi, wa mwana kumsana, amene mwamuna wake anapita ku Copperbelt n'kuiwala njira yobwerera. Bamake Tiza ndi amene ankamuphunzitsa kuunjika matimati kuti aakulu azioneka pamwamba.

Panja ophunzira ankaseka, wina ankaliza wailesi. Tiza anayembekezera kuti mtima ugunde, kapena manja anjenjemere, kapena misozi ibwere. Palibe chinabwera. Anafafaniza 14. Analemba 6, analemba 1. Kompyuta inavomera ndi kamawu kake kaja kosangalala.

Ba Mwewa atabwera ndi tiyi anamuuza kuti akapitiriza chonchi, a kampani adzamulemba ntchito asanavale n'komwe gauni.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake akukalipa. Ankati manja akuyabwa ngati alowa nyerere, miyendo ikubaya, ndipo ndani anaika matimati owola m'bokosi la olimba, anthu a m'nyumba muno alibe maso? Anadzimenya pa mkono kupha udzudzu n'kutukwana kuti wawaluma mowawa. Anadya bwino. Za mapoto ndi chitenge sanazitchulenso.

Lachitatu m'mawa Tiza anawanyamulira beseni mpaka kumsika. Kumbuyo kwa tebulo 14 kunalibe munthu, ndipo ntchentche zinali zitabwerera, zambirimbiri, ngati zamva kuti kuli ukwati. Ba Nsofwa anadutsa, anapereka moni kwa mayi, anapereka moni kwa mwana, n'kupitirira. Kumapeto kwa mzere, kuseri kwa tebulo la matabwa atsopano, mwamuna wamtali uja anali ataima ndi bokosi lake pamutu. Inonge anali atakhala patsogolo pake, akuyamwitsa.

Bamake Tiza anathira tiyi m'kapu yachitsulo n'kumutuma kuti akampatse mtsikanayo, popeza amabwera kumsika osadya kanthu. Tiza anaigwira ndi nsonga ya chitenge, komabe inkamuwotcha zala njira yonse. Inonge anailandira ndi manja awiri, opanda kansalu, n'kuikumbatira bwinobwino. Anati tiyi wa masiku ano sachedwa kuzizira. Kenako anamwetulira mwamanyazi, akuyang'ana chikwama cha sukulu chija.

"Ba Tiza, banzanga bonse munabalemba. Nanga ine simuzanilembako mu mapepala yanu?"

"Nakulembani kudala," anatero Tiza.

Anadikira kuti amalize kumwa, analandira kapu, n'kubwerera kukathandiza amayi ake kuunjika.