Jekete Yabuluu pa Njira ya ku Luangwa

Chaka chimenecho mtedza unakana ku Fort Manning, ndiye amuna anayi anapangana zopita ku Luangwa, m'dziko la Northern Rhodesia, kukasinthanitsa nsalu ndi nsomba zouma. Wamng'ono pa onse anali Febian, yemwe malire anali asanawadumphepo chibadwire. Anamutenga chifukwa cha mlamu wake Vitalis. Lole isananyamuke, mchemwali wake Ennie, mkazi wa Vitalis, amene anali woyembekezera, anakokera Febian pambali.

"Alamu akowa amakhulupirira aliyense," anatero Ennie. "Iwe uli ndi maso. Ukandibweretsere amuna anga."

Mawuwa anamukwera Febian m'mutu ngati mowa wa masese. Zinali zaka za Chitaganya, pamene mphekesera za anamapopa, anthu ogwira apaulendo n'kuwapopa magazi, zinali pakamwa pa aliyense. Wowaona ndi maso panalibe, koma aliyense anali ndi msuweni wake amene anawapulumuka.

Pa mphambano ya ku Petauke m'lolemo munakwera wowatsogolera, a Ezekiel Lungu, Mnsenga wa kwa Kalindawalo, bambo wowuma thupi, wosadziwa kuseka. Paphewa anali ndi mfuti ya gogodera, m'manja kaukonde kakang'ono ka pandodo, m'thumba kabotolo. Mfutiyo Febian anaimvetsa. Nanga kaukonde ndi kabotolo zinali za ntchito yanji?

Anatsika pa Nyimba dzuwa likutuluka, mitolo pamutu. Anadutsa minda ya thonje ya kwa Ndake, ndipo atafika pomwe panayambira nkhalango ya mitsanya, a Lungu anaima n'kuloza jekete ya Febian.

"Iyo vulani, bambo. Kuno buluu na yakuda sitivala. Kashembe aikonda maningi."

Jeketeyo inali yatsopano, yogulira ulendo womwewu. Febian anamanga mabatani onse mpaka m'khosi.

"Mwamva, alamu?" Febian ananong'oneza Vitalis. "Akufuna khungu lizionekera."

"Iwe, akunena ntchentche."

"Ntchentche yodziwa mtundu wa nsalu munaionapo kuti?"

Vitalis anangoseka, koma kuseka kwake kunali kwafupi.

Analowa m'nkhalango. A Lungu anauza amuna awiri aakulu aja kuti atsogole, iwo n'kutsalira kumbuyo kwenikweni. Febian anayamba kukayika. Wotsogolera wanji woyenda kumbuyo kwa anthu? Posakhalitsa anamva phaa pamsana. Kucheuka, anaona a Lungu akutola kanthu m'kaukonde n'kukaponya m'botolo. Zinachitika kawiri, katatu, kakhumi, ndipo kambiri pamsana pa iye yekha. Pamtsinje wouma pomwe anapumira, analiona bwino botololo. M'kati munali mothimbirira zofiira.

A Lungu anayendera aliyense, kumupenda m'khosi ndi kuseri kwa makutu.

"Kutsogoloku kuli kanyumba, azakuonani monse," anatero. "Mailo, kukangocha m'mawa, tiona Luangwa. Koma osapatuka kumanja. Uko ni kwa njati, na kashembe ndiye kwao."

Dzuwa litapendeka, kanyumbako kanaonekera patali, kopaka laimu, kali kokhakokha pakati pa tchire. Pakhomo panaima amuna awiri a makhaki, mmodzi atanyamula chitini cha mpope ndi paipi. Febian anaima. Anagwira Vitalis pamkono.

"Alamu, onani mpope uwo. Tikafika apo achemwali sadzakuonaninso."

Vitalis anayang'ana kanyumbako, n'kuyang'ana mlamu wake. Ulendo uno sanaseke. Anapempha kuti akadzithandize kuthengo, anatula mitolo, ndipo atangobisika ndi mitengo anatsetsereka kumanja, liwiro la mtondo wadooka.

Chigwacho chinawalandira ndi kashembe. Anatera pajekete ija mpaka nsalu inada, ndipo kuluma kwake kunali ngati singano yotentha. Febian anaivula akukuwa n'kuiponya pansi.

"Jekete yatsopano sitaya," anatero Vitalis, n'kuitola, n'kuikoleka paphewa pake.

Sanayende mtunda. Tsekera anagwedezeka, ndipo njati yamphongo, yokhayokha, yamatope thupi lonse, inadzuka pamaso pawo. Febian anakakwera mtsanya osadziwa kuti wakwera bwanji. Vitalis anapeza kamtengo kowonda, nalendewera pa nthambi ndi manja onse awiri, jekete ili pakhosi. Njati inagunda tsinde, inazungulira, inagundanso. Febian ankaona kashembe ataunjikana pakhosi pa mlamu wake, ndipo Vitalis analibe dzanja lowaingitsira.

Gogodera inalira kumtunda. Utsi unafuka, njati inatembenuka n'kuthyola tchire kulowera kudambo. A Lungu anatsika akupuma movutika, miyendo itang'ambika ndi minga. Sanakalipe, ndipo Febian akanakonda akanakalipa. Anangochotsa jekete ija, n'kupenda khosi la Vitalis nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa Febian.

"Imwe bambo, mvelani. Pakatuluka chotupa apa, mutu n'kuyamba kuwawa, osayembekeza. Kuchipatala tsiku lamene ilo."

Pa kanyumba paja amuna a makhaki anapopera mankhwala pa mitolo kuti ntchentche zisawoloke nawo, anawapatsa madzi akumwa, n'kukhuthula botolo la a Lungu pathabwa. Munali kashembe okhaokha, ena ataphulika ndi magazi amene anayamwa pamisana yawo. A Lungu anagwirapo ntchito yogwira ntchentche pamalopo, ndipo ankawabweretserabe kuti adziwe njira imene zachuluka. Febian anachita manyazi aakulu. Kwa anzawo awiri aja, iye ndi Vitalis anangoti anasochera.

Anabwerera kwawo patatha milungu itatu, madengu odzaza nsomba, mudzi wonse n'kuwachingamira. Chotupa chinali chitatuluka kale ali m'njira, koma Vitalis ankachibisa ndi kolala. Kenaka mutu, kenaka kutentha thupi, kenaka kugona pakati pa nkhani. Febian ankawakumbuka bwino mawu a a Lungu, koma kuwanena kunafunika kufotokozanso za chigwa chija ndi amene anayambitsa. Anadziuza kuti mwina ndi malungo chabe. Pamene anatsegula pakamwa n'kumunyamula pamachira, masiku asanu anali atapita. Kuchipatala anati ndi kaodzera, matenda obwera ndi kashembe, ndipo anafika mochedwa.

Pamaliro nkhani inali imodzi: Mnsenga wa kabotolo uja ndiye anachita zimenezi. Anthu ankamuloza Febian ndi ulemu, ati mwanayu anamutulukira tsiku loyamba lomwe. Atabwerako kumanda, Ennie anamuitana kuseri kwa nyumba, namugwira dzanja.

"Usalire, Febian. Iwe unayesetsa. Akanakumvera, bwenzi ali moyo."

Febian akanatha kungogwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo mpaka kalekale. Anayang'ana mimba ya mchemwali wake, ndipo anaona kuti mwanayo adzakula akutukwana munthu amene anathamanga paminga kukapulumutsa bambo ake.

"Achemwali," anatero, "alamu anandimvera. A Lungu anatiletsa kupatuka. Amene anawachotsa panjira ndine."

Ennie anamuyang'ana m'maso. Kenaka, pang'onopang'ono, anachotsa dzanja lake.